Mmene Nyumba ya Kummawa Idakhazikikira mu Lusaka

Munthu wochokera ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, ngakhalenso uyo amene wadutsa malire pa Mwami pochokera ku Mchinji, akawoloka Luangwa ndi kupitirira Chongwe, amalowa mu Lusaka pa khomo la kummawa, ndipo mwa madera oyamba kumulonjera, mphambano ya ku bwalo la ndege itangotsala m'mbuyo, muli Chelstone ndi Avondale. Ku Avondale maso saona nyumba msanga ayi. Chimene aona ndi mipanda ya mabuloko yopitirira msinkhu wa munthu, zipata zachitsulo zotseka usana ndi usiku, ndi nsonga za mitengo ya mango ndi ya mapeyala zosuzumira pamwamba pake. Ambiri a iwo okhala m'kati mwa mipandayo, kapena makolo amene adawabala, adabadwira m'nyumba yozungulira, yomata ndi dothi, yofolera ndi udzu. Ndipo woyang'ana mothamanga angathe kugamula kuti nyumba ya makolo ija idafera m'njira isadafike mu mzinda. Ine sinditero ayi. Pakuti nyumba ya Mchewa, ya Mnsenga kapena ya Mngoni, kuwonjezera pa khoma ndi denga, idali dongosolo la kakhalidwe, lonena kumene uyu agona, kumene uyo adyera, pamene moto ukolezedwa ndi pamene mlendo alandiridwa. Ndipo dongosolo limenelo ndilo lidayenda ulendo wonsewo, nilikhala m'matope, nilikhala pansi pa malata, nilikhala m'simenti, kufikira lero lino.

Tiyambe takumbuka nyumbayo mmene idalili kwawo. Mwamuna ndiye ankalowa m'thengo ndi nkhwangwa nyengo yachilimwe, kukadula mitengo yowongoka ya zipupa, nsanamira za khonde ndi mapaso a denga, nasenda luzi la mombo lomangira. Ankalemba mzere wozungulira pansi, nakumba ngalande yake, naimika mitengoyo mothithikana, nailimbitsa ndi mbariro m'kati ndi kunja. Akazi ndiwo ankamweta udzu utauma ndi kuututa mitolomitolo pamutu, ndiwo ankatunga madzi opondera dothi, ndipo khoma litamatidwa, ndiwonso ankazira pansi ndi dothi lakuda la kudambo, nakulungiza ndi nkhulungo mpaka pansipo pawale. Denga la nyumba yaing'ono, ndi la nkhokwe lomwe, ankalilukira pansi, ndipo tsiku lolikweza pankaitanidwa amuna a m'mudzi, mowa utaphikidwa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndalama siinkatuluka pa ntchito yonseyi. Chimene munthu ankatsala nacho ndi mangawa a thukuta, amene ankawabweza tsiku limene mnzake ayamba kumanga.

Koma chachikulu pa nkhani yathu n'chakuti banja silinkakhala pansi pa denga limodzi. Nyumba yogona idali ya mwamuna ndi mkazi wake ndi makanda okha. Mwana akangoyamba kuzindikira ankatuluka, mnyamata kunka ku gowelo kapena ku mphala, mtsikana kunka ku kuka kwa agogo ake, pakuti chidali chosayenera ndi chochititsa manyazi kuti mwana wosinkhuka agone pafupi ndi mphasa ya makolo ake. Chimanga chidali ndi nkhokwe yake, mbuzi khola lawo, ndi kusamba kudali kuseri, m'kabafa ka tsekera. Pakati pa madenga onsewa padali pabwalo, posesedwa m'mawa uliwonse, ndipo apo ndipo pankasinjidwa, pankaphikidwa mvula ikakata, pankadyedwa, amuna mbale yawo, akazi ndi ana mbale yawo. Apo ndipo pankaweruzidwa timilandu ta pabanja ndi kukambidwa nthano. M'nyumba munthu ankalowamo kukagona, kukadwala, kukachira ndi kukatsirizika. Ndiponso kwa Achewa ndi Ansenga, kumene mwamuna ankapita chikamwini, womanga adali iye, koma malo ndi mudzi zidali za mkazi ndi abale ake. Ukwati ukatha, mkamwini ankanyamula nkhwangwa yake ndi chofunda chake nabwerera kwawo, mkazi ndi ana natsala pamalo pawo. Mwini nyumba akamwalira, miyambo ya maliro itatha, m'midzi yambiri nyumbayo inkagwetsedwa. Chotero nyumba siidali chuma chosiyirana, ndipo padalibe woilimbirana. Owerenga asunge mfundo ziwirizi, pakuti tidzakumana nazo kutsogoloku zitatembenuzika.

Tisayese kuti mamangidwe amenewa adali osasinthika chikhalire. Angoni a Zwangendaba, amene adawoloka Zambezi mu 1835, adachokera ku dziko kumene nyumba inkalukidwa ndi timitengo ndi udzu kuyambira pansi mpaka kunsonga. Koma zidzukulu zawo za kwa Mpezeni zidatengera khoma lomata la Achewa ndi Ansenga, zidangosunga mwambo wozinga mudzi pa chibaya cha ng'ombe. Pambuyo pake amishoni, a Dutch ku Magwero mu 1899 ndi Azibambo Oyera ku Kachebere mu 1903, adaphunzitsa anthu kuumba njerwa ndi chikombole ndi kuimika khoma la ngodya zinayi, kotero kuti mphunzitsi, mlaliki ndi munthu wobwera ku Halale ankadziwika ndi nyumba yangodya, yokhala ndi zenera ndi chitseko cha matabwa. Amene adapita ku Lusaka adali ana a anthu ozolowera kale kusiya china ndi kutola china.

Chimene chidawatulutsa m'midzi n'chodziwika: msonkho wa nyumba, umene udayamba kukhometsedwa Angoni atagonjetsedwa mu 1898, ndi kuchepa kwa minda, pakuti kampani ya North Charterland idatenga dziko lalikulu lozungulira Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, eni ake nakankhidwira m'malo opanikizana. Poyamba ankalunjika ku Southern Rhodesia ndi ku Joni; pa Lusaka nthawi imeneyo padali kasiteshoni chabe, pamene njanji idafika mu 1905, m'dziko la Asoli ndi Alenje. Koma boma la atsamunda litatsimikiza mu 1931 kuchotsa likulu ku Livingstone, ndi kuitana Pulofesa Stanley Adshead wa ku London kuti alinganize mzinda watsopano, ntchito idachuluka, ya kuumba njerwa, ya kuswa miyala, ya ukhukhi, ya ulonda ndi ya upolisi, ndipo likulu lidatsegulidwa mu 1935. Mzindawo adaulinganiza kuti ukhale wa maluwa ndi mitengo, nyumba iliyonse pakati pa bwalo lake lalikulu, koma adaulinganizira Azungu; munthu wakuda adamuwerengera kuti ndi mlendo. Makolo athu ponena kuti mlendo ndi mame ankatanthauza kuti achitiridwe ufulu msanga pakuti sakhalitsa; boma lija lidaganiza mosiyana, kuti popeza sakhalitsa, asapatsidwe pokhazikika. Nyumba idamangiriridwa ku ntchito, ndi ntchito ku chitupa; wochotsedwa ntchito ankachotsedwanso m'nyumba, ndipo mkazi ndi ana ankayembekezeredwa kutsala kumudzi.

Umboni wa maganizo amenewo ulipobe ku Kabwata. Kumeneko, m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, adamangira antchito aamuna tinyumba tozungulira mazana angapo, tofolera ndi udzu, ta chipinda chimodzi. Amene adatilinganiza ayenera kuti adakhulupirira kuti akupatsa Mwafirika nyumba ya kwawo, ndipo poona ndi maso, inde, idali yofanana nayo. Koma padalibe nkhokwe, padalibe kuka, padalibe gowelo, padalibe mbumba. Mnansi sadali mlamu kapena mtsibweni, adali munthu aliyense amene kalaliki adamulembera nambala yotsatira. Ndipo wokhalamo adalibe mphamvu yoimika denga lachiwiri pambali mwana akakula. Boma la Zambia lidagwetsa tambiri ta ito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti limange nyumba zosanjikiza, nilisiyako 43, timene mu 1974 tidasanduka Kabwata Cultural Village, kumene lero amisiri osema ndi oluka amagulitsa ntchito za manja awo. Nkwabwino kuti tidasungidwa, ndipo mwana aliyense wa mu Lusaka ayenera kukationa. Koma womuperekeza amuuze zoona, kuti chimene akuonacho ndi komboni ya atsamunda, si mudzi wa makolo ake ayi.

Ena, makamaka akhukhi ndi osamala m'nyumba, amene ambiri a iwo adali ochokera ku Nyasaland ndi ku Fort Jameson, ankakhala kuseri kwa nyumba za mabwana ku Ridgeway ndi ku Rhodes Park, ndipo pambuyo pake ku Woodlands ndi ku Kabulonga, m'kachipinda kamodzi kapena tiwiri pafupi ndi mpanda wakumbuyo. Nkhondo yachiwiri itatha, boma lidavomera pang'ono kuti wantchito ndi munthu wa banja, ndipo lamulo la mu 1948 la nyumba za Aafirika m'matauni lidatsegula njira yomangira nyumba okwatira. Chilenje ndi Matero zidakula pambuyo pa lamulolo. Wofuna kudziwa msinkhu wa nyumbazo apite ku nambala 394 ku Chilenje, imene idasungidwa chifukwa mudakhala Kenneth Kaunda, mwana wa mlaliki wochokera ku Nyasaland, kuyambira Januwale 1960 mpaka Disembala 1962. Akaona yekha mmene banja lalikulu ndi alendo ake lidayenera kupanikizirana. M'nyumba zotere ndimo akazi adayamba ntchito imene olemba mbiri saitchula kawirikawiri, yobwezeretsa mudzi m'malo amene sadaulinganizire. Kakhitchini ka m'kati kadasanduka mosungira ufa ndi ziwiya, mbaula nitulukira pakhomo. Mtondo udapeza malo pansi pa mtengo. Simenti ya pakhonde adaipaka polishi wofiira ndi kuipukuta atagwada mpaka iwale, monga amawo ankachitira ndi nkhulungo. Kuseri adabzala maungu, therere ndi mizere ingapo ya chimanga, ngakhale kuti a khonsolo nthawi zina ankatumiza anthu odzachitchetcha. Ndipo usiku, popeza gowelo padalibe, anyamata ankayala pabalaza, atsikana m'khitchini, kuti malire a ulemu pakati pa kholo ndi mwana asafafanizike.

Komatu nyumba za khonsolo sizidakwanire konse, ndipo kumene nzeru za omanga athu zidaonekera poyera ndi m'makomboni. Azungu ena a mafamu ndi a migodi ya miyala ozungulira mzinda ankalola anthu kumanga pa malo awo polipira kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo maina a ena a iwo adakanirira pamalopo mpaka lero: George, John Howard, John Laing, ndi Marrapodi, Mtaliyana wootcha laimu. Ufulu utabwera mu 1964, chitupa chitatha mphamvu, anthu adakhamukira mu mzinda, kotero kuti Lusaka, amene adali ndi anthu ngati 123,000 mu 1963, adapitirira 260,000 mu 1969, nadutsa theka la miliyoni pofika 1980. Wobwera kumene ankayamba monga adaphunzirira kwawo, ndi mitengo, dothi ndi udzu. Koma malowo adamukaniza. Thengo lapafupi lidatha msanga, mapaso owongoka nasowa. Udzu udayamba kugulidwa, ndiponso pamene nyumba zathithikana, moto wa nyumba imodzi ndi moto wa onse. Ndipo nthaka ya kumadzulo ndi kummwera kwa mzinda, ku Kanyama ndi ku Misisi, ndi yopyapyala pamwamba pa thanthwe la laimu, kotero kuti dzinja madzi amaima pabwalo, nanyowetsa tsinde la khoma ladothi mpaka kuligwetsa. Tsono womanga adasiya mitengo natenga chikombole, naumba zidina pamalo pomwepo. Adasiya udzu nafolera ndi migolo yophwanya ndi zidutswa za malata, nazitsindira ndi miyala kuti mphepo ya mu Ogasiti isaziulutse. Ndipo atapeza ndalama adagula simenti ya ku Chilanga, kumene fakitale idakhazikitsidwa mu 1949, naumba mabuloko, nthawi zina kuimika khoma latsopano kunja kwa lakale banja likugonabe m'kati, ndi kugumula lakalelo pomaliza.

Apa ndipo nyumba yozungulira idatsanzikira, ndipo zifukwa zake n'zomveka kwa aliyense amene adagwirapo chingwe cha mmisiri. Lata ndi lowongoka, silifolera bwino denga lozungulira. Bedi, tebulo ndi kabati zifuna ngodya. Ndipo choposa zonse, nyumba yozungulira siikula, pakuti ikachepa umamanga ina pambali, pamene mu mzinda pambalipo pali kale mwini wake. Yangodya imalola kulumikiza chipinda ku chipinda, chaka chino chimodzi, chaka chamawa china, monga m'thumba mwalolera. Chotero madenga ambiri a pamudzi paja adasanduka zitseko zambiri pansi pa denga limodzi lalitali, chitseko chilichonse choyang'ana pabwalo: ichi cha makolo, icho cha anyamata, chinacho cha mwana wa mlongo wodzafuna ntchito, ndi zotsalazo za anthu a lendi. Ndiyo midadada imene yadzaza Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi Chainda. Ann ndi Thomas Schlyter, akatswiri a zomangamanga a ku Sweden amene adayeza ndi kujambula nyumba za ku George kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, adaona kuti ntchito zambiri za pakhomo zinkachitikira panja, pa malo a pakati pa nyumba ndi nyumba. Sadali Akummawa okha ochita zotere. Otsatira a Johane Masowe, amuna a ndevu zazitali amene dzina la Mandevu liwakumbutsa, adamanga moyandikana ku Marrapodi, nasiya mabwalo osulira zidebe ndi opalira matabwa pakati pa nyumba zawo. Ndipo Amwenye a ku Kamwala ndi ku Luburma adaika sitolo kutsogolo, banja kumbuyo, monga kudalili ku Gujarat.

Kwa zaka zambiri boma lidawerengera makomboni kuti ndi osaloledwa, nthawi zina nkuwagumula. Kenaka lidayesa njira ina: ku Mtendere mu 1967, ndi ku Kaunda Square pambuyo pake, lidadula mapoloti, nilibweretsa madzi, nilisiya anthu kuti amange okha. Mu 1974 padakhazikitsidwa lamulo lovomereza makomboni ena kuti akonzedwe pomwe alili, ndi kupatsa mwini nyumba chikalata chokhalira pamalopo zaka 30. Ndipo ndi ngongole ya ku World Bank, ku George, ku Chawama, ku Chaisa, ku komboni ya Chipata ndi ku Garden kudalambulidwa misewu ndi kuikidwa mipopi, eni ake akuyenda limodzi ndi olinganiza kusonyeza kumene msewu udutse. Ntchitoyo siidafike ponse, ndipo kolera wa mu 2017 ndi wa mu 2023, amene adasautsa koposa madera onga Kanyama, adaonetsa kuti ya madzi ndi zimbudzi idakali kutali kutha. Komabe ine ndiyesa kuti pa zonse zimene olamulira adachita pa nkhani ya nyumba mu Lusaka, chanzeru choposa chidali chimenechi, kuvomera kuti anthu adziwa kumanga, ndi kuti chimene adasowa ndi mtendere wa mumtima wakuti chimene amanga lero sichidzagwetsedwa mawa.

Ana a ku Chilenje, ku Matero ndi a m'makomboni ataphunzira, nakhala akalaliki, aphunzitsi, anamwino ndi akuluakulu a makampani a boma, adalowa kumayadi: ena m'nyumba zimene Azungu adasiya ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ena m'madera amene adakula ufulu utabwera, monga Chelstone ndi Avondale. Ndipo pamene boma la Frederick Chiluba lidayamba mu 1996 kugulitsa nyumba za khonsolo ndi za boma kwa okhalamo, anthu zikwizikwi amene kale sankaloledwa ngakhale kuboola zenera adayamba kuwonjezera zipinda ndi kumanga kuseri.

Tilowe tsono pa chipata chimodzi cha ku Avondale. Nyumba yaikulu ndi ya Chizungu ndithu: pabalaza, podyera, khitchini ya magetsi, zipinda zogona ndi bafa m'kati momwemo. Koma zungulirani kuseri. M'kanyumba kaja kamene mapu adakalembera wantchito mupezamo anyamata a pabanjapo ndi asuweni awo ochokera ku Katete, odzaphunzira ku koleji; limenelo ndilo gowelo. Pakhomo pena mupezamo agogo aakazi odzaonana ndi madokotala, amene adakana kwamtuwagalu kugona khoma limodzi ndi mkamwini wawo, ndipo adzukulu aakazi adawatsatira komweko. Imeneyo ndiyo kuka. Pafupi ndi khomo la khitchini pali kashedi ka malata, mbaula ziwiri, thumba la makala, mtondo ndi kampando kakafupi kodetsedwa ndi utsi. Nyemba, nsomba zouma ndi nsima ya anthu ambiri zimaphikidwa pamenepo, ndipo m'zaka zimene madzi adachepa ku Kariba, monga 2015, 2019 ndi 2024, magetsi nazima maola ambiri patsiku, khitchini ya panjayi ndiyo idadyetsa mabanja. Matumba a chimanga ochokera kumunda wa ku Chongwe kapena kumudzi aunjikidwa m'galaja, galimoto nigona panja. Ndipo pangodya ya bwalo, kwa iwo amene zinthu zidawayendera, paima denga lozungulira laudzu pa nsanamira zake, lopanda khoma, limene mu Lusaka alitcha insaka potsata Abemba. M'menemo ndimo bambo alandirira alendo aamuna, ndimo ankhoswe akambirana za ukwati ndi za milandu ya m'banja. Udzu umene agogo adausiya chifukwa cha moto ndi kusowa, lero ugulidwa ndi ndalama zambiri, ndi mmisiri wodziwa kuufolera achita kuitanidwa kutali.

Koma tsiku limene mudzi umaonekera wathunthu ndi tsiku la maliro. Uthenga ukangomveka, chipata chimene chikhala chotseka chaka chonse chitsegulidwa, nichikhala chotsegula usana ndi usiku, ndipo palibe wofunsidwa dzina polowa. Anyamata atulutsa mipando, matebulo ndi wailesi yakanema pabalaza, nayala mphasa. Akazi alowa atavala zitenje ndi mipango kumutu, nakhala pansi motambalala, misana itatsamira khoma, namfedwa ali pakati pa akulu omugwiriziza. Amuna sakhala m'nyumba. Malo awo ndi panja, pansi pa tenti, mozungulira chikuni chachikulu chimene chifuka mpaka tsiku loika. Kuseri amayi a mpingo akoleza moto pa mafuwa atatu, pakuti palibe chitofu cha magetsi chimene chingasenze mphika wa khamu lotere. Wolemba mapu a nyumbayo sadalingalire za tsiku limeneli, koma m'maola ochepa eni ake aikonza kuti pakhale pasiwa monga pa mudzi uliwonse wa kwa Kawaza kapena kwa Mbang'ombe. Chimodzimodzi pa chinamwali ndi pa chilangizo cha ukwati: m'chipinda chimodzi muchotsedwa bedi, makatani atsekedwa, alangizi alowa ndi ng'oma yawo, amuna onse a pakhomopo nauzidwa kuti akayende.

Si zonse zidafika bwino. Pabwalo pa mudzi padali pa mbumba yonse, ndi mwana ankadya pa khomo lililonse limene dzuwa lamupezera; bwalo la ku Avondale ndi la banja limodzi, ndipo mpanda umene udayamba kukwera pamene mtengo wa kopa udagwa m'zaka za m'ma 1970, umbava nuchuluka, watsekera kunja wakuba ndi mnansi yemwe. Denga nalonso silikwezedwanso ndi abale pa mowa: amisiri ake abwera m'mawa wapansi kuchokera ku Chainda ndi ku Kamanga, nalipidwa, nabwerera madzulo ku midadada yawo, ndipo miyala ya m'maziko nthawi zambiri idaswedwa ndi nyundo m'manja mwa amayi okhala padzuwa m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga. Woona nyumba zokongola za kumayadi asaiwale manja amenewo.

Kusintha kwakukulu koposa, kumene kwaliza anthu ambiri, n'kwa mfundo ziwiri zija. Mu mzinda nyumba idabwera kudzera pa ntchito, ndipo ntchito yolembedwa idali ya mwamuna. Motero mkazi wa Chichewa, amene kwawo adali mwini pakhomo, mu Lusaka adakhala wa chitengwa, dzina lake losalembedwa pa chikalata chilichonse. Ndiponso nyumba idaleka kufa pamodzi ndi mwini wake. Ya mabuloko, yokhala ndi chikalata cha zaka 99, idasanduka chuma chachikulu koposa chimene munthu angasiye. Tsono mwambo wakuti za mwamuna zibwerera kwa abale ake a mbali ya amayi ake, umene kumudzi unkakhudza nkhwangwa, mfuti, mbuzi ndi dzina, pamene mkazi ndi ana adali otetezeka pa nthaka yawo, anthu ena adaunyamula nauika pa nyumba ya m'tauni, kumene mkaziyo adalibe nthaka ina yothawirako. Akazi amasiye adatulutsidwa ndi ana awo misozi isadaume, ndipo ochita zimenezi ankatchula dzina la makolo, pamene makolowo sadasiyepo wamasiye pamtetete. Mabungwe a amayi ndi mipingo adadandaula zaka zambiri, kufikira mu 1989 padakhazikitsidwa lamulo la Intestate Succession Act, limene ligawa chuma cha womwalira wosasiya wilo motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuwo, ndipo nyumba liipereka kwa wotsalayo pamodzi ndi ana, iye akhalemo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Lamulo lilipo, koma kulanda sikudatheretu, pakuti wamasiye ambiri aopa kutengera alamu awo ku khoti.

Akazi sadadikire lamulo lokha. M'makomboni muli amayi ambiri a pamsika amene adagula poloti ndi ndalama za tomato, za kapenta ndi za salaula, nalembetsa chikalata m'dzina lawo, namanga chipinda ndi chipinda, kufikira lero ali ndi ana awo aakazi ndi adzukulu pa bwalo limodzi, monga idakhalira mbumba kumudzi. Ndipo ana obadwira ku Avondale ndi ku Chelstone, amene mapoloti a m'kati mwa mzinda awakulira mtengo, akusunthira kunja, ku Chalala, ku Meanwood ndi ku Silverest, kulowera m'dziko la Asoli a kwa Nkomeshya, amene minda yawo ikuchepa chaka ndi chaka pamene mzinda ukukula. Kumeneko choyamba kumangidwa pa poloti kawirikawiri ndi mpanda, chitsime, ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kumbuyo kwenikweni. Banja lilowa m'kanyumbako kuti lileke kulipira lendi, mbaula pakhomo, nkhwani ndi repu m'mbali mwa mpanda, pamene nyumba yaikulu ikwera pang'onopang'ono kutsogolo, maziko chaka chino, khoma mpaka pa mawindo chaka chamawa, malata ndalama zikapezeka. Ndipo ikatha, makolo asamukiramo ndi ana aang'ono, kanyumba kakumbuyo nikasiyidwira anyamata, kapena agogo akabwera kuchokera kummawa.